Mkamwini pakati pa ngowe ndi masipoko

Kwathu kuno ku Likhubula mwana akabadwa mu June, za dzina zimayamba zadikira. Choyamba ndi mapazi. Chiperoni chikatsika kuchokera ku Chambe, ngakhale galu amakana kutuluka pa phulusa, ndiye khanda lingagone bwanji mapazi ali pamtunda? Wathu anabadwa m'nyengo imeneyi, ndipo popeza akuluakulu amaletsa kukonzeratu zovala za munthu amene sanafike, ntchito yoluka timasokosi inayamba mwana ali kale m'chikuta.

Ine ndimanyamula zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje. Pa Sapitwa, mamita 3,002 kumwambako, ndafikapo nditasenza katundu wa munthu wina, mwini wake akungojambula maluwa. Mpikisano wa Porters Race, umene umayambira pompano, ndinaulowako ndipo ndinamaliza, ngakhale kuti pofika ine anthu anali akupinda matenti. Kuphiri amandipatsa ulemu. Koma pakhomo ndine mkamwini, ndipo mkamwini saweruza mlandu, amangoitanidwa kuti pakhale womuloza chala.

Mlandu wake unali uwu. Apongozi anga amaluka ndi singano ziwiri, luso limene anaphunzira ku Mvano ya CCAP ine ndisanamere mano. Mayi a kunyumba amaluka ndi kasingano kamodzi ka ngowe kumapeto, ka crochet, ndipo aphunzitsi awo ndi akanema a pa foni, ogulidwa ndi bandulo yanga. Singano za apongozi zinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu March 2023 pamodzi ndi khitchini, koma iwo sanadandaule. Anangotuma kamdzukulu, chifukwa mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso: “Kawauze akamwiniwo kuti njinga yawo ili ndi masipoko ambiri.” Kuyambira tsikulo gudumu lakumbuyo limayenda ngati munthu wochokera ku kachasu.

Wulu watsopano pa Chitakale mtengo wake ndi wofunsa utakhala pansi. Anthu odziwa amagula juzi ya pa kaunjika n'kuimasula. Kwathu anaona kuti kupita ku kaunjika n'kutaya nthawi pamene juzi ili m'nyumba momwemo, yanga ija ndinkagona nayo kuphiri. Ndinauzidwa kuti nditambasule manja, ndipo ndinakhala pa mpando madzulo onse ulusi ukukulungidwa m'mikono mwanga, ndikuonerera mkono wa juzi yanga ukufupika mpaka kutheratu.

Apongozi mfundo yawo ndi yakuti choluka ndi singano ziwiri chimafewa ndipo chimatamuka. Ukalukako mizere yothina pa kakolo, sokosi imagwira phazi yokha popanda chingwe. Za ngowe amati n'zouma, n'zoyenera nsalu zoyala pa wailesi ndi pa mipando, komanso zili ndi mabowo otulukira tizala ta mwana. Amawonjezera kuti ngowe imadya ulusi wambiri, ndipo apa ndikuwavomereza ndi mtima wonse, pakuti ulusiwo unali msana wanga.

Mayi a kunyumba nawo sagonja. Amati ndi ngowe umagwira diso limodzi lokha, mwana akalira umangoponya pansi n'kudzapitiriza pomwe unasiyira. Pa masipoko pamakhala maso ambirimbiri, limodzi likapulumuka limathamanga mpaka pansi n'kusiya msewu. Ngowe imazungulira chidendene mosavuta, ndipo sokosi imatha nsima isanapse. Pamene apongozi ankamaliza yoyamba, mayi anali ataluka kale ziwiri ndi kachipewa, n'kuziyanika poonekera.

Tsiku lina ndinaganiza zoonetsa kuti nanenso ndimayenda ndi anthu ophunzira. Mlendo wina amene ndinamuperekeza ku Dziwe la Nkhalamba anandiuza kuti makina oluka masokosi anapangidwa kale mu 1589 ndi William Lee wa ku England, koma kuluka kwenikweni kwa ngowe makina sanakuthebe mpaka lero. Ndinafika nazo kunyumba ndikutafuna mawu bwinobwino. Apongozi anamva kuti ndikunena kuti ntchito yawo ingagwiridwe ndi chitsulo chopanda mutu. Mayi anamva kuti ndikunena kuti luso lawo ngakhale azungu a makina sanalione kufunika. Usiku umenewo ndiwo zinali nkhwani, ndipo mbale yanga inafika mochedwa.

Woweruza weniweni sanafunsidwe n'komwe. Mwana akangovekedwa, amakwinya nkhope, n'kupalasa miyendo, sokosi ya ngowe n'kuuluka. Ya masipoko imapirira pang'ono, koma ikachapidwa imatalika mpaka kufika m'bondo. Amayi awiriwa anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: kuti phazi lamanja livale ya agogo, lamanzere ya amake. Popita ku sikelo mayi amatsogola mwana ali kumbuyo, ine pambuyo pawo maso ali pansi, kutola zogwa. Anzanga onyamula katundu amene amakhala pa geti la ofesi ya zankhalango kudikira alendo anandifunsa ngati ndataya ndalama. Ndinavomera.

Ku sikeloko namwino sanafunse kuti waluka ndani. Anatembenuza sokosi zonse ziwiri, nadula timaulusi tolendewera m'kati, nachenjeza kuti kaulusi kakakulunga chala cha khanda kangatseke magazi chala n'kutupa. Aliyense mwa amayi awiriwa anabwerako akunena kuti namwino amanena mnzake.

Ulendo wotsatira wa kuphiri ndinanyamula mobisa masipoko awiri ndi ulusi wotsala. Ndinati mwamuna amene amadziwa njira zonse zopita ku Lichenya sangalephere kasokosi kosakwana chikhatho. Usiku ku Chambe Hut, alendo atagona, ndinakhala pafupi ndi moto n'kuyamba. Maso ndinkawerenga bwino, kungoti pa mzere uliwonse ankabadwa ena osawaitana. Chidendene chinakana kukhota. Pofika mbandakucha ndinali ndi kathumba kataliko, kotseka pansi, kokwana phazi la mwana wa Sitandade 5 wopanda chidendene.

M'mawa mlendo wina anakaona, nalowetsamo foni yake, ndipo inakwana ndendende. Anafunsa mtengo. Ndinatchula ndalama imene ndinkayembekezera kuti aseka, iye n'kupereka osanenerera, n'kufunsanso ngati ndingalukire mkazi wake kena.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanatsike. Apongozi atuma kale kamdzukulu kuti luso la masipoko ndi lawo, ndinaba ndi maso, choncho theka ndi lawo. Mayi akuti ulusiwo anamasula ndi iwo, theka linalo ndi lawo. Ndayesa kukumbutsa bwalo kuti juzi inali yanga, njinganso yanga, koma andiyankha kuti zimenezo tidzakamba ndikagula wulu wina pa Chitakale, ndipo ndipite wapansi chifukwa akufunanso masipoko awiri a gudumu lakutsogolo.