Dambo Losunga Machesi

Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wolusa ukapsereza tchire lonse, ukafika padambo umazima wokha, ndipo mkangano ukafika kwa akulu umazirala. Mwambiwu ndi wabwino, kungoti amene anaupeka sanafike ku New York, kulikulu la United Nations. Kumeneko kuli akuluakulu asanu: America, Russia, Britain, France ndi China. Ndiwo ali ndi mipando yosatha mu Security Council, komiti yoyang'anira mtendere wa dziko lonse. Ndiwonso ololedwa kusunga mabomba a nyukiliya. Wozimitsa moto ndi mwini machesi ndi munthu mmodzi.

Chilolezocho anachilemba mwaulemu ndithu. Pangano loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya, lotchedwa NPT, linasainidwa mu 1968, ndipo limati dziko lovomerezeka kukhala ndi bomba ndi lokhalo lomwe linaphulitsa lake pasanafike pa 1 Januwale 1967. America inaphulitsa mu 1945, Soviet Union (yomwe mpando wake unatengedwa ndi Russia) mu 1949, Britain mu 1952, France mu 1960, China mu 1964. Mwamwayi wodabwitsa, onse asanu anakwanira. Ndiye kuti mlandu si kukhala ndi bomba, mlandu ndi kuchedwa.

Pofuna kuti ana asadandaule, akuluakuluwa analonjeza m'ndime 6 ya panganolo kuti adzakambirana moona mtima zotaya machesi awo. Zaka zoposa 50 zadutsa. Achepetsako, tisawanamizire, koma padziko patsala mabomba pafupifupi 12,000, ndipo ochuluka kwambiri ali m'manja mwa America ndi Russia. Kukambiranako kukupitirira, m'mahotela abwino.

Tsono taonani mmene milandu imazengedwera padambopa. India sinasaine panganolo. Mu 1974 inaphulitsa bomba lake n'kunena kuti kuphulikako kunali kwamtendere. Mu 1998 inaphulitsanso, Pakistan nayo n'kuyankha ndi ake. Akulu anakalipa, anaika zilango za chuma, kenako mkwiyo unazirala. Pofika 2008, America inali itasainirana ndi India pangano logulitsana zipangizo za magetsi a nyukiliya. Israel nayo sinasaine, ndipo mpaka lero sivomera kapena kukana kuti ili ndi bomba. Utsi ukamafuka ku Dimona, malo a nyukiliya a Israel, akulu ena amagwidwa chimfine, fungo osalimva.

Mphuno zawo zimatseguka akatembenukira kwina. Mu 2003 America ndi Britain analowa mu Iraq kukasaka zida zoopsa. Anayatsa nyumba yonse kuti aone bwino pomwe pabisidwa machesi, koma sanapeze ngakhale kamtengo kamodzi. Iran inasaina NPT, ndipo mu 2015 inagwirizana ndi akulu kuti ichepetse ntchito yake yoyenga uranium ndi kulola oyendera a bungwe loona za nyukiliya la IAEA. Oyenderawo ankabwera, ankayeza, ankalemba kuti Iran ikusunga pangano. Mu 2018 Donald Trump anatulutsamo America n'kubwezeretsa zilango. Wosunga pangano analangidwa ndi woliphwanya.

Ana samvera zimene akulu amanena, amaonera zimene akulu amachita. Anaona Muammar Gaddafi wa ku Libya akusiya ntchito yopanga zida zotere mu 2003, akuwomberedwa m'manja, kenako mu 2011 ndege za NATO zili pamutu pake. Anaona Ukraine ikupereka mabomba omwe Soviet Union inasiya m'dziko lake, posinthana ndi chikalata chosainidwa ku Budapest mu 1994, m'mene Russia, America ndi Britain analonjeza kulemekeza malire ake. Mmodzi mwa osainawo ndiye anatenga Crimea mu 2014, n'kubweranso ndi akasinja mu 2022. Anaonanso North Korea ikutuluka m'pangano mu 2003, ikuphulitsa bomba mu 2006, ndiyeno mu 2018 mtsogoleri wake Kim Jong Un akugwirana chanza ndi pulezidenti wa America ku Singapore, mbendera zili mbali ndi mbali. Mwana wa nzeru zake angaphunzirepo chiyani pamenepa? Ukapereka machesi umapatsidwa pepala, ukawasunga umapatsidwa mpando.

Musaganize kuti ndikuti aliyense apatsidwe bokosi lake. Mudzi womwe khomo lililonse lili ndi woyatsa moto sugona tulo. Vuto ndi lakuti mkulu woletsa ana kusewera ndi moto, chikuni chili m'manja, amawaphunzitsa kusirira chikunicho.

Ife a ku Africa moto umenewu timaudziwa ngakhale sitinauyatse. Miyala ya uranium yochokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo inathandiza kupanga mabomba oyamba a America. France itafuna kuyesa lake mu 1960, sinasankhe munda wa pafupi ndi Paris, inakaphulitsira ku Reggane, m'chipululu cha Algeria. Komabe dziko lomwe linadzipangira mabomba n'kuwaphwasula lokha lili kuno: South Africa inaphwasula asanu ndi limodzi, ndipo pulezidenti wake F. W. de Klerk anaulula zimenezi mu 1993. Mu 1996 maiko a mu Africa anasaina Pangano la Pelindaba loletsa zida za nyukiliya m'chigawo chonse.

Mu 2017 ana anatopa kudikira. Maiko 122 anavomereza pangano latsopano loletseratu zida zimenezi kwa wina aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Mwa maiko onse okhala ndi mabomba, palibe ndi limodzi lomwe linabwera kudzavota, ndipo palibe lomwe lasaina. Tisawaweruze msanga. Mwina tsikulo anali otanganidwa kulemba kalata yodzudzula Iran.