Makapu awiri a sayansi

Ine ndi sayansi tinasiyana mwamtendere mu Giredi 7. Aphunzitsi ankajambula mtima wa munthu pabolodi, ife n'kumakopera, wanga n'kutuluka ngati mbatata yodyedwa ndi anankafumbwe. Koma munthu ukangobereka umasanduka katswiri wa zonse. Choncho mwana wanga wamkazi wa Giredi 5 atabwera ndi nkhani yoti apange chinthu chokaonetsa ku JETS, ndinakankha mbale ya nsima n'kumuuza kuti wafika pa eni ake.

JETS ndi gulu la ana asukulu okonda zopangapanga, ndipo lilipo m'Zambia muno kuyambira 1968. Amapikisana kuzoni, kuboma, kuchigawo, mpaka dziko lonse. Mwana akufotokoza zimenezi, ine m'mutu ndinali nditafika kale ku Lusaka, nditavala jekete yanga ya paukwati.

Anasankha sefa ya madzi. Tinadula botolo la maheu kumatako, n'kulizondotsa, kukamwa kwake tinamangako kansalu kong'amba pachitenje cha akazi anga aNabanda (mpaka lero amati ndi makoswe). Pansi makala osinja, kenako mchenga, pamwamba timiyala. Tinathira madzi a kudambo, aja zimapondamo ng'ombe. Anayamba kudontha oyera mbee, ngati ogula m'sitolo pa Katete Boma.

Mboni zinalipo. Alamu anga a ku Sinda, amene chikhalire boma kwawoko mu 2012 amayankhula ngati a m'tauni, anati zimenezi n'zachikale, kwawo kuli sukulu za Impact Network kumene aphunzitsi amaphunzitsa ndi tabuleti ndi pulojekita za magetsi adzuwa. Apongozi, amene anabwera kuchokera ku Vubwi kudzaonerera Kulamba ku Mkaika n'kuiwala njira yobwerera, anangokhala pamphasa potero, nkhope atayang'ana kumbali.

Ndinatenga kapu.

"Atate, musamwe," anatero mwana. "Aphunzitsi anati sefa imagwira matope okha, tizilombo timadutsa. Tiwiritse kaye, kapena tithiremo Clorin."

Ndinakweza kapu kudzuwa. Munalibe ngakhale mbululu. Ndinamufunsa kuti tizilombo taketo tabisala pati, iye akuti n'tating'ono, timaoneka ndi maikulosikopu basi. Nanga iye anationapo? Akuti ayi, pasukulu pawo chipangizocho chili pachithunzi cha m'buku. Apa ndinaseka, alamu nawo anaseka, koyamba kugwirizana nane chikwatirire mlongo wawo.

Kenako ndinalalikira. Ndinawakumbutsa za Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amene mu 1964 ankakonzekeretsa achinyamata ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pachitunda. Ameneyo, ndinatero, sanadikire zipangizo za azungu. Zoti kumweziko sanafike ndinazikumbukira mochedwa, kapu yachiwiri ili kale m'mimba.

Zinayamba usiku wa tsiku lotsatira. Poyamba kunali kulira kwapansipansi, ngati lole ikukwera chitunda pa Great East Road. Kenako liwiro. Chimbudzi chathu chili kuseri kwa nkhokwe, ndipo njira yake imadutsa pakhomo pa kanyumba kamene amagona apongozi. Mkamwini wolongosoka amazemba apongozi masana, ine ndinawadutsa kasanu ndi kawiri usiku umodzi, nditagwira lamba m'manja. Ulendo wachisanu ndinangomva mawu mumdima: "Pepani, aPhiri."

ANabanda sanakalipe. Anangofunsa ngati a Nkoloso nawonso ankathamanga chonchi.

M'mawa amene anandipulumutsa ndi mwana yemwe uja. Anawiritsa madzi lita imodzi, anathiramo timasupuni sikisi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, n'kundiuza ndizimwa pang'onopang'ono, ndipo zikapitirira tipite kuchipatala. Ndinamwa mwaulemu, osakweza kapu kudzuwa.

Nditatsitsimuka ndinamupeza pakhonde akulemba pachikatoni. Wajambula mabotolo awiri. Pansi pa loyamba walemba "Osefa ndi kuwiritsa: ine, amai, agogo, palibe vuto." Pansi pa lachiwiri, "Osefa okha: munthu mmodzi wamkulu, maulendo 7." Manambalawo akuti anamupatsa ndi agogo ake, amene ankawerenga.

Kuzoni anapambana. Tsopano akupita kuboma, ndipo aphunzitsi atumiza uthenga woti oweruza amakonda kuona umboni ndi maso. Jekete ija aNabanda aisita kale.