Mvuu yogwada ya ku Balaka

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira makina a 3D printer, ati ndizipezerapo ya sopo. Makinawa amasungunula chingwe cha pulasitiki n'kumachilavula pakamlomo ka mamilimita 0.4, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chiumbike. Koma kuchedwa kwake! Kamvuu kodzaza dzanja kamadya tsiku lonse, magetsi akapanda kuzima.

Bambo wina wa malo ogona alendo ku Balaka anafuna mvuu yaikulu yoika pakauntala, kuti opita ku Liwonde National Park azidziwa kuti ayandikira. Ndalama yoyamba ndinalandira, ndipo inathera pamsika wa Liwonde tsiku lomwelo: chambo, mayunitsi, ndi kangongole ka kabaza.

Nzeru inandifikira usiku: kamlomo ka milimita 1.0. Bowo lake limaposa linalo ka 6, ndiye ndinati ntchito ya sabata itha mawa. Za moto sindinaganizeko. Kachitsulo kotenthetsa n'komweko, madigiri 200 omwewo, pomwe pulasitiki wofunika kusungunula wachuluka. Makina anayamba kulira kha-kha-kha, giya ikukukuta chingwe. Ndinawonjezera moto n'kuchepetsa liwiro, liwiro lomwe ndinagulira kamlomoko. Pulasitiki anatuluka bwino, koma mpukutu wotuwa wa kilogalamu unatha mvuu ili pakati pamimba. Wotsala unali wofiira. Maso ndi makutu, zomwe kamlomo kakang'ono kamatulutsa mwaudongo, zinangokhala timatuza. Mayi a kunyumba anaizungulira, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati ili nkhumba yowaula.

Ndinanyamukabe. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kondakitala wa minibasi anati, "Achimwene, chinyama chanucho chiikeni apa," akuloza kuseri kwa mpando wa dalaivala, pomwe injini imaotcha mawondo. Pamwamba pake anasanjikapo thumba la mpunga. Pulasitiki wangayu, wa PLA, amayamba kulobodoka kutentha kukafika madigiri 60, ndipo zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinali kalikiliki kukangana za chenji.

Potsika pa Balaka miyendo yakutsogolo inali itapindika, mvuu itagwada, mutu wofiira uli chakumbali.

Bambo aja anavala magalasi, kuiyang'ana, n'kuwavula.

"Achimwene, ndinati mvuu."

"Ikumwa madzi, bwana."

Anaitana mlonda kuti atseke geti, tikambirane bwino za ndalama yoyamba ija.