Dulani Apa, Onjezerani Apo

Lero tili kwa alembi a nthano ndi akonzi awo aja oyenda ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya.

Mnyamata wina wa ku Ndirande anafika kwa mkonzi atapanira nthano yake kukhwapa. Mkonzi anayamba kuwerenga. Tsamba loyamba, chitseko cha mlombwa. Lachiwiri, loko wadzimbiri. Lachitatu, utoto wobiriwira womwe unayamba kusupuka. Pofika tsamba lachisanu, mwini nkhani anali chiimire pakhonde. "Achimwene," anatero mkonzi akuvula magalasi, "masamba asanu tili pakhomo. Munthu wanuyu alowa liti m'nyumbamu?" Mnyamata anayankha mosatekeseka: "Sangalowe panopa, bwana. Kiyi ali m'mutu wachitatu."

Mkonzi anamubweza ndi lamulo limodzi: akadule chilichonse chomwe nkhani ingayende popanda icho. M'mawa mwake mnyamata anabwera ndi kapepala kamodzi. Panalembedwa kuti munthu uja anabadwa, anakwatira, anamwalira. Basi. "Nanga nkhani yonse ija yapita kuti?" mkonzi anadabwa. "Ndadula monga munanenera, bwana. Ngati yatalikabe, ndikhoza kuchotsanso ukwatiwo. Sunkayenda bwino."

Pamaphunziro a alembi, aphunzitsi anafotokoza langizo la Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia uja amenenso anali dokotala, loti ukapachika mfuti pakhoma koyambirira kwa sewero, iyenera kudzalira seweroli lisanathe. Mayi wina analemba zimenezi m'kope mwake n'kudula mzere kunsi. Sabata yotsatira anabweretsa nkhani yachikondi yokoma zedi, koma patsamba lomaliza mkwati akuwomberedwa pachinkhoswe, nthungululu zili mkati. "Mayi, mkwatiyu walakwanji?" "Sanalakwe kanthu, aphunzitsi. Koma mfuti ndinaipachika kale patsamba 2, ndiye munati isangokhala."

Mdzukulu wina anapita kumudzi kukawerengera agogo ake nthano yake yatsopano. Agogo anakhala pamphasa, okonzeka kuvomera monga mwa mwambo. Mdzukulu anayamba kufotokoza m'bandakucha. "Tili tonse," anatero agogo. Anafotokoza mame. "Tili tonse." Anafotokoza tambala woyamba, wachiwiri, ndi wa kwa aneba. Anafotokoza mitambo yofiirira, yachikasu ndi ina yosadziwika bwino mtundu wake. Kenaka kunali zii. "Agogo, tili tonse?" Agogo anakoka chitenje n'kufunda kumutu. "Pitiriza, mdzukulu wanga. Dzuwalo likatuluka undidzutse."

Mkonzi wina ankakonda kutchula Ernest Hemingway, amene mu 1932 anayerekeza nkhani yabwino ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja: chooneka pamwamba ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi atatu, zotsalazo zili pansi pa madzi. Mlembi wa ku Nsanje, kumene madzi oundana amangowaona m'firiji ya pagolosale, anagwedeza mutu kuti wamva. Lolemba anabwera ndi tsamba limodzi louma bwinobwino. "Nanga masamba asanu ndi awiri enawo?" "Ali m'ndowa kunyumba, bwana. Koma inki yayamba kusungunuka, ndiye ndimati ndifunse: akhalemo masiku angati?"

Bambo wina analemba masamba khumi ofotokoza ngalande ya kumsika kwawo: timapepala tapulasitiki, makoko a nzimbe, nsapato imodzi yopanda inzake. Mkonzi atakweza cholembera, bamboyo anamugwira dzanja. "Victor Hugo analemba za ngalande zonyansa za ku Paris m'buku la Les Misérables mu 1862, ndipo mpaka lero likugulidwa!" Mkonzi anavomera. "Zoona. Koma m'ngalande za Hugo mukudutsa Jean Valjean atasenza Marius wovulala. Nanga mwanumu muli ndani?" Bamboyo anakanda kumutu. "Wanga ndinamutumamo, bwana, koma anakana fungo."

Mtolankhani anafunsa mlembi wina wodzitama kuti amakonda kuwerenga mabuku a yani. "Ine sindiwerenga za anthu ena, zingandisokoneze mutu. Ndimawerenga zanga zokha." "Ndiye buku lanu latsopanoli mapeto ake munawaona bwanji powerenga?" Mlembi anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Sindinafikeko. Wolembayo amazungulira kwambiri."

Mlendo anachita kaso ndi shelefu ya mnzake. Panali Nthondo la Samuel Ntara lomwe linatuluka mu 1933, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, komanso Njala Bwana la Willie Zingani. "Mwa mabuku onse muli nawo, lomwe lakuthandizani kwambiri pamoyo wanu ndi liti?" "War and Peace la Tolstoy, masamba oposa 1,000," anayankha mwini nyumba mosazengereza. "Usiku uliwonse ndimadalira lomwelo." Mlendo anayang'ana pashelefu, osaliona. "Lili kuti?" "Kuchipinda. Mwendo wa bedi unathyoka. Ndinayesa Njala Bwana, koma bedi linkagwederabe."

Mpikisano wa nthano unkafuna mawu 2,000, koma mlembi wina nkhani inamuthera pa 1,500. Oweruza powerenga anaona kuti chakumapeto mwatulukira mbusa akulowetsa ziweto m'khola. Mbuzi yoyamba, yamawangamawanga, inalowa. Yachiwiri, yothyoka nyanga, inalowa. Yachitatu, yotsimphina, inalowa. Zinalowa mpaka tsamba linadzaza. Anamuitana. "Bambo, mbuzizi zikuchita chiyani m'nkhani ya kuofesi?" "Zikukwaniritsa chiwerengero, mabwana. Mukanafuna mawu 5,000 ndikanabwereka ndi za amalume."

Mlembi wina anasangalala kwambiri nthano yake itatuluka m'nyuzipepala ya Loweruka. Pofika pachiwaya, wokazinga chipisi anamulandira ndi manja awiri. "Akulu, nkhani yanu ija ndaiwerenga! Pomwe mayi uja akutsegula sutikesi, mtima unangoti phaa!" Mlembi anatukumula chifuwa. "Nanga mapeto wawaona bwanji?" "Aaa, mapeto sindinawaone, akulu. Anapita ndi kasitomala wa chipisi ndi mazira."

Wakuba anatsomphola chikwama cha mayi wina pasiteji ya minibasi, ndipo mboni yokhayo inali mlembi wa nthano. Wapolisi anatsegula kope. "Fotokozani zomwe munaona." Mlembi anayamba ndi kamphepo ka Okutobala, maluwa a jakaranda ogwera pamsewu, fungo la chimanga chootcha, ndi mawu osasa a woitanira. Wapolisi analemba mpaka dzanja linauma. "Chabwino, bambo. Nanga wakubayo amaoneka bwanji?" Mlembi anamwetulira monyadira. "Zimenezo ndasiyira owerenga aganizire okha."

Mayi wina anapeza zolemba za amuna awo patebulo n'kuyamba kuwerenga. Masamba atatu akufotokoza mtsikana wa m'nkhanimo: mpata pakati pa mano, kuseka kwake, ndi kachipsera kakang'ono kumsana. Madzulo anawadikira pakhomo. "Bambo a mwana, paja munati mkonzi anakulangizani kuti muzilemba zinthu zomwe mukuzidziwa bwino?" "Eya, mayi, ndilo lamulo loyamba limenelo." "Ndiye kachipsera kakumsanaka munakadziwira kuti? Poti ine ndilibe." Bambo anameza malovu. "Kameneko ngakhale mkonzi ananena kale kuti ndikachotse."

Mtsikana wa Fomu 4 anauza aphunzitsi kuti akufuna kudzakhala mlembi wotchuka ngati Chinua Achebe. "Wawerengapo Things Fall Apart, buku lake la 1958?" "Eya, aphunzitsi, kawiri konse." "Chinakusangalatsa n'chiyani?" "Kufupika kwake. Ndime imodzi yokha, pansi pake mtengo wa buku." Aphunzitsi analitenga n'kulitembenuza. "Mwanawe, uko ndi kuchikuto chakumbuyo." Mtsikana analitsegula pakati n'kutong'ola maso. "Ii! Ndiye m'katimu anawonjezeramonso zina?"

Mkonzi wina ntchito inamulowa m'magazi. Akazi awo anamupatsa mndandanda wa zogula kumsika: ufa, mafuta, tomato, anyezi, usipa ndi mchere. Ali m'njira anasolola cholembera chofiira. Anabwerera ndi ufa wokha. "Mndandanda wanu unali wautali, mayi. Ndadula zonse zosapititsa nkhani patsogolo." Mayi sanayankhe kanthu. Madzulo anabwera ndi madzi osamba m'manja ndi mbale imodzi ya nsima. Mkonzi anavundukula, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Nanga ndiwo?" "Zinkachedwetsa nkhani, bambo. Yambani pomwe pali mfundo."