Mmene mungawonongere ulendo wa ana wa ku Senga Bay musanatuluke pakhomo

Makolo ambiri amaganiza kuti ulendo wa ana umawonongekera kunyanja komweko. Ayi ndithu. Wodziwa ntchito amauwonongera pabalaza, kudakali masiku atatu, rimoti ili m'manja. Mukadikira kuti mukafike kaye ku Senga Bay ndiye kuti mwachedwa, chifukwa mwana akangoponda mchenga n'kuona madzi aja amayamba kusangalala yekha popanda chilolezo cha wina aliyense. M'mera mpoyamba. Malangizo awa ndi a bambo, mayi, azakhali kapena aphunzitsi a Sande sukulu amene alonjeza ana ulendo wa ku Salima pa Khirisimasi, ndipo akufuna mafilimu oti anawo aonere kuti ulendowo ukhale woyamba ndi womaliza.

Musasankhe nokha. Tengani fulashi mukapereke kwa mnyamata wa pamsika amene amaika nyimbo ndi mafilimu, mumuuze kuti, "Achimwene, mundiikiremo za m'madzi." Musatchule kuti oonera ndi ana. Iye ali ndi anthu ambiri pamzere, sangakufunseni zambiri, adzangokokera mufulashimo chilichonse chimene chili ndi madzi. Mukafika kunyumba musayambe mwaonera nokha, kumeneko n'kutaya nthawi. Kanambala kamene kamaoneka koyambirira kwa filimu, 13, 16 kapena 18, musakalabadire. Azungu amakonda kulemba manambala paliponse.

Yotsegulira ikhale Jaws, imene Steven Spielberg anatulutsa mu 1975. Ndi yakale koma mphamvu zake sizinathe. Nkhani yake ndi ya shaki imene imadya anthu osambira pagombe la katauni kena ka ku America nthawi ya tchuthi, ndipo mmodzi mwa odyedwawo ndi kamnyamata kamene kakuyandama pa kamatilesi kopopa mpweya, mayi ake ali pamchenga. Pamenepo mpamene pali phindu lonse. Mwana wanu wa zaka 6 akadzaona anzake akuyandama pa machubu ku Senga Bay adzadziwa yekha chimene chikubwera. Akakufunsani ali njenjenje kuti, "Adadi, ku Salima kuli shaki?" musamuuze kuti Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere ndipo mulibe shaki ngakhale imodzi. Muyankheni modekha, maso ali pafoni, kuti, "Tikaona konko." Yankho limeneli limagwira ntchito usiku wonse. Konzekeranitu kuchapa zofunda.

Tsiku lachiwiri onjezerani Anaconda ya mu 1997 ndi Lake Placid ya mu 1999. Yoyambayo ndi ya njoka yomeza anthu, yachiwiriyo ndi ya ng'ona yaikulu yokhala m'nyanja yooneka yabata. Wina anganene kuti ng'ona kwathu kuno zilikodi, ndiye filimuyo ikuphunzitsa zoona. Musade nkhawa, siphunzitsa kanthu. Ubwino wa mafilimu amenewa ndi woti amaika mantha pamalo olakwika. Ng'ona ndi mvuu za ku Salima zimakonda kumene mitsinje imathirira m'nyanja, m'mabango ndi m'madambo, monga kumathero kwa Linthipe ndi kudambo la Mpatsanjoka. Mwana wophunzitsidwa ndi kanema sadziwa zimenezo. Iye amadziwa kuti chilombo chimabwera pamene pali anthu ambiri akusambira ndi kukuwa. Choncho adzathawa gombe loyera limene pali maso a anthu, n'kukasewera yekha kumabango kumene kuli zii, madzi ake osayenda, ofunda bwino. Kumenekonso n'kumene kumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Mafilimu oopsa a nkhono ndi osowa, ndiye mwanayo sadzaziopa. Pakatha milungu ingapo mudzaona mkodzo wofiira, mudzapita kuchipatala kukalandira praziquantel, ndipo ulendo wa tsiku limodzi udzakhala utabala wina.

Usiku womaliza usungireni Titanic. Mabanja ambiri akafika ku Senga Bay amafuna kukwera boti kupita ku kachilumba ka Namalenje, kamene alendo amati Lizard Island, kukaona ang'azi ndi mbalame. Boti limeneli ndi lolipira, ndipo James Cameron anakuthandizani kale mu 1997 kuti musawononge ndalama yanu. Filimuyi imatenga maola atatu ndi mphindi zingapo, choncho muiyambitse cha m'ma 9 koloko usiku, podziwa kuti kosita inyamuka 5 koloko m'mawa. Pakati pake pali malo ena amene mudzakuwe kuti "tsekani maso!" Ana amatseka ndi zala zotambasula, zimenezo n'zodziwika, ndipo mafunso ake adzakufunsani mawa m'galimoto pamaso pa abusa. Sitima ikamamira, agogo ngati alipo apatseni mpata awonjezere kuti nafenso tinali ndi yathu, Vipya, imene inamira kumpoto kwa nyanja yomweyi mu 1946 n'kupha anthu 145. Zimenezo n'zoona, ndipo zinenedwe pakati pa usiku. Zoti sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 zisatchulidwe, zingachepetse mantha.

Mwana wogona 1 koloko n'kudzutsidwa 4 koloko amayenda bwino kwambiri pamsewu wa M14. Makilomita pafupifupi 100 ochoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ali ndi zitunda ndi makona okwanira, makamaka mukamatsetsereka cha ku Mvera. Mupatseni foni aziwonera filimu ina galimoto ikuyenda, mutu uli chowerama, m'mimba muli mandasi ndi Fanta. Asayang'ane pawindo. Akayang'ana angaone mapiri a Dowa, tomato ndi kabichi za pa Chezi, milambe ikuyamba kuoneka mukamayandikira kuchigwa, mwinanso angafunse kuti n'chifukwa chiyani kwayamba kutentha. Jumbo yosanzira musatenge.

Pali ana ena amene sachita mantha. Mukawaonetsa shaki amaseka, mukawaonetsa ng'ona amati ibwerezeni. Amenewa njira yawo ndi ina, ndipo kunena zoona ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yapamwamba, chifukwa mafilimu ake ndi aukhondo, palibe angakudzudzuleni. Aonetseni Moana ya mu 2016, ya mtsikana amene bambo ake amamuletsa kupita kutali panyanja, iye n'kutenga bwato yekha, n'kukapulumutsa mudzi wonse. Filimuyi ndi yabwino, nyimbo zake n'zokoma, ndiye chofunika n'chakuti musakambirane naye kanthu ikatha. Muzimitse kanema, mumuuze akagone. Phunziro alitola yekha: kholo likaletsa, bwato ndi lako. Pagombe la asodzi ku Senga Bay mabwato amangokhala pamchenga, nkhafi zili pomwepo. Wamwamuna mumuwonjezere Aquaman ya mu 2018, aone munthu akupuma ndi kuyankhula pansi pa madzi. Mwana wa ku Area 25 amene madzi akuya amene anawaonapo ndi a m'bafa adzafika kunyanja akudziwa kuti kusambira sikuphunziridwa, umangolowa.

Pamenepa samalani kuti asamve za mphepo. Asodzi a ku Salima amayang'ana kumwamba asanakankhe bwato, ndipo a zanyengo amachenjeza pawailesi mwera ukamabwera, makamaka miyezi yozizira ya pakati pa chaka. Nthawi ya dzinja namonso nyanja imatha kusintha nkhope mwadzidzidzi, madzi amene anali bata m'mawa n'kuyamba mafunde otha kugwetsa munthu wamkulu. Malo ena nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mwana asadziwe zimenezi. M'filimu mafunde amamvera mtsikana wolimba mtima, ndipo zikwanire pomwepo.

Tisaiwale chakudya, chifukwa ulendo ungathe kupulumukira pa mbale. Anthu ambiri akakumbukira Salima amakumbukira chambo chootcha kapena kampango wa msuzi. Tsekani khomo limeneli ndi Finding Nemo ya mu 2003. Nsomba za mmenemo zimayankhula, zili ndi mayina, zimapita kusukulu, ndipo mayi wa kansombako amafa filimu itangoyamba. Ndiye taganizani masana pagombe: nsima yafika, chambo chagona m'mbale chathunthu, mutu uli pomwepo, diso loyera lija likuyang'ana kumwamba, pakamwa pali yasa. Bambo atsina mutu n'kuyamba kuyamwa. Mwana ayang'ana bambo ake, ayang'ana nsomba, milomo iyamba kunjenjemera, kenako akankha mbale n'kufunsa kuti ana ake a nsombayi atsala ndi ndani. Mudzamugulira tchipisi cha pachiwaya chimene akanadya kwawo ku Lilongwe. Ngati pulogalamu yanu ikuphatikizapo kukaona malo osungira nsomba zamitundumitundu amene Stuart Grant anayambitsa ku Senga Bay komweko, kumene mbuna zimasungidwa m'matanki podikira kutumizidwa kunja, ndiye mwapha mbalame zonse. M'filimu muja munthu wotenga nsomba m'nyanja n'kukaiika m'galasi ndiye mdani. Mwanayo mudzachita kumugwira malaya kuti asayambe ntchito yomasula akaidi.

Za kumalo osungira nyama a Kuti sizifuna mawu ambiri. Muonetseni The Lion King, mumulonjeze Simba. Ku Kuti kulibe mikango, n'chifukwa chake anthu amayendako wapansi ndi panjinga pakati pa mbidzi ndi agwape. Mwana woyembekezera mkango akaona mbidzi ili potero amangoti, "Basi?"

Ena mwa inu ndi okonda dziko lanu ndipo mudzafuna filimu ya kwathu. N'zotheka. Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, ndipo dzina lokhalo likukwanira: muli bwato, muli nyanja, ndi ya Chimalawi, basi ndi ya ana. Musafufuze kuti nkhani yake ndi ya akuluakulu, ya mitala, chikondi cha mseri ndi zimene zimachitika pakati pa anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi azungu odzaona malo. Anawo adzafika pagombe akuyang'ana mzungu aliyense ndi diso lachilendo. Imene muyenera kuipewa ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, imene mbali yaikulu amayankhula Chichewa. Ana okulirapo akaionera amayamba matenda ofunsa. Mphepo ya kunyanja ikawomba adzafuna kudziwa ngati ingayatse babu, ndipo angakufunseni za magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021, inu musakudziwa kuti megawati n'chiyani.

Ngati filimu ili m'Chingerezi chovuta, pezani yomasuliridwa ndi ma DJ athu aja. Iwo samasulira zimene zanenedwa zokha, amathiramo zawo, ndipo nthabwala zake amakonzera anyamata a m'mavidiyo a pamsika. Mwana adzatolamo mawu awiri atatu amene adzayesere pa woperekera zakudya. Filimu ya ku Nigeria ya mzimu wa mkazi wokhala pansi pa madzi imathandizanso, makamaka kwa ana amene amapita ku mapemphero a usiku.

Choopsa chachikulu pa dongosolo lonseli ndi kucheza. Kholo likakhala pansi ndi mwana kwa mphindi khumi n'kumuuza kuti kunyanja tikasambira pamene pali anthu, madzi asapitirire m'chiuno, kumabango sitipita, m'boti timavala jekete yoyandamitsa, ntchito yonse ya masiku atatu yagwa. Choopsa chachiwiri ndi timafilimu tifupitifupi toonetsa nsomba zenizeni za m'nyanja yathu, timene tili mbwee pa YouTube. Mwana akangodziwa kuti Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, kuti n'chifukwa cha nsombazi UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndiponso kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, mwamutaya. Adzakhala tsiku lonse chowerama pamiyala kufunafuna kansomba ka buluu. Adzapita kwa msodzi amene akusoka ukonde n'kumufunsa kuti, "Bambo, usipa mumaugwira bwanji usiku?" ndipo msodziyo, poti ndi munthu waulemu, adzamufotokozera za nyali ndi chilimira. Mwana wotere amabwerera kunyumba atakhuta nkhani, ndipo chaka chamawa adzafunanso.

Mukafika pagombe malizani bwino zimene munayamba. Wamantha uja mukhazikeni pansi pa mtengo, nsana ataulozetsa kunyanja, mumupatse foni apitirize Jaws yachiwiri. Wolimba mtima uja musiyeni m'manja mwa mchemwali wake wa zaka 10, inu akuluakulu mupite kumene kukumveka nyimbo ndi fungo la kanyenya. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere anthu amakhala ochuluka zedi pagombe, ndiye aliyense amadziwa kuti wina akuyang'anira ana. Chithunzi chimodzi chokha musaiwale, onse ataima pamchenga, cha pa WhatsApp.

Amene ana anu adzabwereko akuseka, atapsa ndi dzuwa, akukangana za mayina a nsomba, musadzandidandaulire ine, pali pena pamene simunatsatire. Enanu amene mudzachite zonse mwandondomeko, chaka chamawa palibe mwana adzatchule za kunyanja, ndipo ndalamayo mudzagulira feteleza.