Mawu a Akulu Akagonera Mopitirira

Makolo athu anati mawu a akulu akoma akagonera. Sindikutsutsa. Koma anaiwala kutiuza kuti agonere masiku angati, ndipo mpamene pagona nkhani. Thobwa likagonera usiku umodzi limakoma. Likagonera sabata ziwiri limakugoneka m'ngalande. Ndiye pali mawu a mkulu wina wa ku Greece amene anagonera zaka pafupifupi 1,900, anthu ophunzira akungogwedeza mutu kuti inde, akomadi.

Mkuluyo ndi Aristotle, wobadwa m'chaka cha 384 Yesu asanabadwe. Sanali munthu wamba: anaphunzira kwa Plato, iye n'kudzaphunzitsa Alexander, mfumu yankhondo ija. Anati chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka, ndipo liwiro limatsata kulemera, kotero kuti mwala wolemera kakhumi uyenera kutsika mofulumira kakhumi. Anatinso chinthu sichingayende popanda china chochikankha. Madala omwewa analemba kuti amuna ali ndi mano ambiri kuposa akazi, chikhalirecho anali ndi mkazi pakhomo, woti akanangomupempha kuti, "Tayasamulani pang'ono, mayi, ndiwerenge."

Kuyesa nkhani ya miyalayi sikulira ndalama. Pamangofunika miyala iwiri ndi denga. John Philoponus wa ku Alexandria, cha m'ma 500, analemba kuti mukagwetsa zinthu ziwiri zosiyana kulemera, kusiyana kwa nthawi yofikira pansi n'kochepa zedi. Mawu akewo nawonso anawayalira mphasa kuti agone. Mu 1586, Simon Stevin anagwetsa mipira iwiri ya mtovu mumzinda wa Delft ku Netherlands, wina wolemera kakhumi kuposa unzake, kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 9. Pansi panali thabwa, ndipo phokoso linamveka ngati limodzi: phi!

Dzina limene ana asukulu amaloweza ndi la Galileo Galilei, ndi nkhani yoti anakwera nsanja yopendekeka ya ku Pisa n'kuponya mipira pansi. Nkhaniyo anadzailemba ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani, mwini wake atamwalira kale, ndipo akatswiri ambiri a mbiri yakale amaikayikira. Zimene Galileo anachitadi n'zokoma kuposa kukwera nsanja, chifukwa anamuzenga mlandu Aristotle ali chikhalire pampando. Anati tiyerekeze kuti agogowo akunena zoona. Tengani mwala waukulu ndi waung'ono, muimange pamodzi ndi chingwe, muigwetse. Waung'ono uja, poti ndi wochedwa, uzikokera unzake m'mbuyo, ndiye iwiriyo itsika pang'onopang'ono kuposa waukulu uli wokha. Komanso iwiriyo ikamangidwa yasanduka katundu mmodzi wolemera kuposa waukulu uja, ndiye iyenera kutsika mofulumira kuposa waukulu uli wokha. Katundu yemweyo achedwe, yemweyonso afulumire? Sankhanipo chimodzi, agogo. Palibe njira yothawira kupatula kuvomera kuti yonse imagwa mofanana. Mfundoyi ili m'buku lake la 1638, limene linakasindikizidwa ku Leiden, poti kwawo ku Italy anali atamutsekera m'nyumba kuyambira pamene bwalo la mpingo linamuweruza mu 1633 pa nkhani ina, yoti dziko limazungulira dzuwa.

Isaac Newton ndiye anadzamanga mfundo mu 1687. Dziko limakoka chinthu cholemera mwamphamvu kwambiri, n'zoona, koma chinthu cholemeracho n'chovutanso kuchisuntha, ndipo ziwirizi zimathana ndendende. N'chifukwa chake njerwa ndi kamwala zikamagwa, zonse zimawonjezera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse.

Tisawanyoze kwambiri agogo aja. Ananamizidwa ndi mboni imene sioneka, mpweya. Pansi pa mtengo wa mango, bango limagwa thi, tsamba n'kumatsika likuvina, ndipo maso amakuuzani kuti Aristotle wapambana. Koma tengani pepala, muligwetse lili lotambasuka, kenako mulifinye likhale kampira, muligwetsenso. Kulemera sikunasinthe, koma latsika ngati lakumbukira kuti lasiya ndiwo pamoto. Kapena liikeni pamwamba pa buku lalikulu kuposa ilo, mugwetse zonse: zifika limodzi, chifukwa buku latchinga mpweya. Amereka, posakhutira ndi pepala, anapita nayo nkhaniyi kumwezi. Mu Ogasiti 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ya mbalame pamaso pa kamera, kumalo kopanda mpweya, ndipo zinagunda fumbi nthawi imodzi. Galileo n'kuti atamwalira zaka 329 zapitazo. Awo ndiye mawu ogonera.

Chodabwitsa n'choti Aristotle sanachoke. Amakwera nafe minibasi tsiku lililonse. Dalaivala akaona munthu waima m'mbali mwa msewu n'kuponda buleki ngati waona njoka, tonse timagwadira kutsogolo, ndipo mayi wina amatembenukira mnyamata wa pambuyo pake: "Iwe, ukundikankhiranji? Sunaleredwe?" Mnyamatayo, mphuno ili pa mpando, alibe mlandu. Palibe wakankha munthu. Thupi limayenda pa liwiro la galimoto, galimoto yaima, thupi silinauzidwe, ndiye likupitiriza ulendo umene linalipira. Lamba wa pampando ntchito yake ndi imeneyo, kuuza thupi kuti tafika. M'galimoto yomweyo, ikamayenda bwinobwino osawonjezera liwiro, ndalama yachitsulo ikapulumuka m'manja mwa kondakitala imagwera pamapazi pake, osati kumpando wakumbuyo monga amayembekezera okhala kumeneko. Galileo anafotokoza zimenezi mu 1632, iye akunena za zinthu zogwa m'chipinda cha sitima yapamadzi.

Wakabaza yekha ndiye angaime kumbali ya Aristotle molimba mtima. Amadziwa ndi ntchafu zake kuti akasiya kupalasa, njinga imaima. Koma siima chifukwa chosowa wokankha. Imaimitsidwa ndi kukhulana kwa matayala ndi msewu, tcheni chouma, ndi mphepo ya kumaso. Chotsani zonsezo muone. Chombo cha Voyager 1 chinanyamuka mu 1977, ndipo mpaka pano chikuthamangabe pa makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, popanda wopalasa. Ngakhale ophunzira a kuyunivesite nkhaniyi imawapita chammbali. David Hestenes ndi anzake ku Arizona anatulutsa mayeso a mafunso osavuta okhudza mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu mu 1992, ndipo anapeza kuti ambiri amene amakhoza masamu a Newton papepala, ukawafunsa popanda manambala, amayankha ngati adzukulu a Aristotle.

Masiku ano mawu sadikiranso kugonera. Amakalamba tsiku lomwelo, akangotumizidwa kambirimbiri pa WhatsApp ndi mutu woti "akatswiri apeza". Funso limene silitha m'magulu amenewa ndi lija lakalekale: cholemera n'chiti, kilo ya thonje kapena kilo ya chitsulo? Amalume amayankha msanga kuti chitsulo. Mphwawo wa Fomu 2 amawaseka ndi tizithunzi ta nkhope zolira ndi chimwemwe, kuti kilo ndi kilo basi. Ndiye pali mkulu winanso wa Chigiriki, Archimedes wa ku Syracuse, amene mawu ake anagonera bwino. Iye anati chinthu chikakhala m'madzi chimanyamulidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha, ndipo lamulolo limagwiranso mumpweya. Thonje limatenga malo aakulu kuposa chitsulo, motero mpweya umalinyamulako pang'ono likakhala pasikelo. Sikelo ikaloza kilo pa zonse ziwiri, chimene chachulukirapo kwenikweni ndi thonje. Amalume alakwa, mphwawo naye aseke mosamala.

Alimi a thonje a ku Chikwawa ndi Balaka musavutike kubwereka njinga kuti mukaitanitse ndalama zanu kwa ogula. Mpweya umakuberani zosakwana galamu imodzi pa kilo, ndipo mukamufunsa wasikelo za Archimedes adzakuuzani kuti sanabwere lero.