Mlendo ndi Mame, Koma Osati Wolowera Kukhitchini

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatiuza kuti mlendo timupirire, timuphere nkhuku, timuyalire mphasa yatsopano, pakuti dzuwa likangokwera anyamula kathumba kake nkumapita. Pa alendo a miyendo iwiri mwambiwu umagwirabe ntchito, tikachotsapo achibale aja amene amabwera pa Khrisimasi "kudzangoona ana" mpaka nkudya nanu mondokwa. Koma amene anapeka mwambiwu sanavundukule mphika. Mlendo wa kukhitchini sakamuka. Amafika, nkufunsa pamene mumasunga mchere, ndipo pakapita nthawi ndiye amayamba kufunsa alendo ena kuti kwanu nkuti.

Pabanja lililonse pali amalume amene ukawaikira supageti amakankhira mbale uko. "Muphwa wanga, zachilendozi uzidya wekha. Ine undiphikire chakudya cha makolo." Ndiye uwapakulira nsima ya ufa woyera, nyemba zothira tomato, nkhwani wotendera, katsabola pambali. Amasamba m'manja mwaulemu wonse, mtima uli m'malo kuti mtundu sunatayike. Palibe amene amalimba mtima kuwauza kuti patebulo ponsepo cha makolo ndi mchere ndi madzi osamba m'manjawo.

Chimanga kwawo ndi kummwera kwa Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, atachiweta kuchokera ku udzu wa kutchire wotchedwa teosinte. Ku Africa chinafika m'zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500, nkumakwawa pang'onopang'ono kuchokera kugombe la nyanja. Chinapeza eni nthaka, mapira ndi mawere, atakhala phee pamipando yawo. Lero mapira muyenera kukawafunafuna kuchigwa cha Shire, ndipo mawere anawasiyira ganyu wa thobwa ndi mowa. Nyemba, tomato, tsabola, maungu a nkhwani uja, mtedza wa nsinjiro, onsewa anawoloka nyanja yomweyo kuchokera ku America. Chinangwa chimene anzathu a ku Nkhata Bay amalumbirira pa kondowole nchochokera ku Brazil. Amalume akaumirira za makolo, tsiku lina muwaphikire nsima ya mapira ndi nzama, muone ngati sakufunsani kuti akulakwirani chiyani.

Tisadziseke tokha, matendawa ali ponseponse. Mtaliyana akakuonani mukuthyola supageti pakati kuti akwane mupoto amagwira pamtima, ndipo za msuzi wa tomato amakamba monga kuti agogo ake a Julius Caesar ankauphika. Chonsecho tomato anafika ku Italy m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankamukayikira, ena nkumangomudzala kuti akongoletse pakhomo. Kaphikidwe koyamba ka msuzi wa tomato kolembedwa m'buku kanatuluka ku Naples m'ma 1690, mwa wophika wina dzina lake Antonio Latini, ndipo iyeyo anati nkaphikidwe ka Chisipanishi. Ku India nakonso, tsabola wowawa amene timati ngwa amwenye anafika ndi Apwitikizi omwewo kudzera ku Goa. Angerezi ndiye anachita kuvomera poyera: mu 2001 nduna yawo yoona za kunja, Robin Cook, inalengeza kuti chicken tikka masala ndi chakudya chenicheni cha dziko la Britain. Anthu a ku Glasgow amati chinabadwira kwawo, kasitomala wina atadandaula kuti nkhuku yauma, wophika nkuithira msuzi wa tomato kuti munthuyo akhale chete. Ena amatsutsa, koma nkhaniyo ndimaikonda, chifukwa zakudya zambiri zabwino zinayamba ndi munthu wodandaula.

Samusa yekha ndi mlendo wa alendo. Kwawo nkumadera a Persia ndi pakati pa Asia. Pamene Ibn Battuta, mkulu woyendayenda wa ku Morocco, ankakhala ku Delhi m'zaka za m'ma 1300, anamupeza akuperekedwa kunyumba ya mfumu, m'kati muli nyama yogaya, mtedza wa almond ndi zonunkhiritsa. Amalonda anamubweretsa kuno, ndipo lero ali m'chidebe cha pulasitiki padepoti ya minibasi, m'kati muli mbatatesi, anyezi, ndi mbiri chabe yoti nyama inadutsapo. Funsani mwana amene akumugula pa buleki kusukulu ngati akudya chakudya chakunja, akuyang'anani modabwa. Chimene chimakamuka si mlendoyo ayi, ndi chilendo chake.

Kale mlendo wotere ankafunika chombo, mphepo yabwino ndi zaka mazana angapo. Lero amangofunika bando ya intaneti. Mtsikana wa Fomu 3 aonera kavidiyo ka mphindi zitatu pa TikTok, ndipo Loweruka banja lonse limva kuti madzulo kuli pizza. Mayi wa muvidiyoyo ali ndi uvuni wotentha madigiri 250, tchizi cha mozzarella, mafuta a olive ndi timasamba ta basil tothyola pawindo. Kuno magetsi azima cha m'ma 4 koloko. Mozzarella anakamuona kusitolo ya mtauni, anawerenga mtengo kawiri nkumubwezera pashelefu mwaulemu. Ndiye mlendo ayamba kuphunzira mwambo wa pakhomo. Ufa ndi womwe uja wa mandasi. Popapatiza mtanda agwiritsa botolo la sikwashi. Pamwamba apaka tomato wokazinga ndi anyezi, nkuwazapo soseji imodzi yodulidwa mopyapyala kwambiri kuti aliyense aoneko yake, ndi katchizi kachikasu kogula magalamu owerengeka. Mng'ono wake akuti tiikepo usipa, ndipo mkangano wake utenga nthawi yaitali kuposa kukanda mtanda.

Apa mpamene amayi, amene anakhala chete tsiku lonse, amadzuka pampando. "Iwe, bweretsa kuno." Atenga sefuliya yaikulu, aikhazika pambaula ya moto wochepa, avundikira ndi lata, nkupalira makala amoto pamwamba pa latalo, monga amachitira ndi chigumu. Sanafikeko ku Naples, koma akudziwa chimene ophika a kumeneko amadziwa, kuti chinthu chafulati chimafuna moto wa pansi ndi wa pamwamba. Ndipo sanalakwire mwambo uliwonse, pakuti ku Naples komweko pizza inayamba ndi amphawi, yogulitsidwa m'misewu, munthu nkumaikapo chimene wapeza. Ya dzina la Mfumukazi Margherita, imene amati inaphikidwa mu 1889, inabwera amphawi atadya kale zawo kwa zaka zambiri. Kunena zoona, wa usipa uja anali pafupi ndi choonadi kuposa mchemwali wake, chifukwa Ataliyana nawo amaikapo tinsomba tawo ta mchere totchedwa anchovy.

Pizza ituluka pansi itapserera pang'ono, pakati itafufuma kuposa ya muvidiyo, pamwamba pali kaphulusa kamene aliyense akuchita dala osakaona. Aijambula kaye, chifukwa chakudya cha masiku ano chimayamba kudyedwa ndi foni. Aidula zidutswa zisanu ndi zitatu ndi mpeni wosendera mbatata. Abambo adya ziwiri, ayamikira kuti mwana wawo ali ndi luso ndipo adzafika patali, apukuta m'manja, kenako atembenukira kwa akazi awo.

"Amake mwana, nanga chakudya chibwera nthawi yanji?"

Poto wa nsima akhala pambaula 9 koloko ya usiku. Ndiwo za masana zinatha, ndiye chidutswa cha pizza chimene chinatsala abambo achisendeza pafupi, achiwaza mchere ndi tsabola, nkuyamba kusunsa mbamu pa tomato wa pamwambayo.